Kuyenda kwa ku Mughese m'Chingerezi

Kalata yathu lero yachokera ku Mughese, m'mapiri a Misuku ku Chitipa. Aphunzitsi ena kumeneko akufunsa kusiyana kwa walk, stroll, hike ndi trek.

Funso labwino zedi. Walk ndi kuyenda wamba, monga mayi wopita kumunda kukathyola khofi. Stroll n'kungowongola miyendo, osathamangira kanthu. Hike ndiye ya alendo okwera nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa kukaona mbalame: thukuta limatuluka, koma mwa kufuna kwawo.

Trek ndi ulendo wautali, wolemetsa, wa masiku ambiri. Mawuwa anachokera ku chinenero cha Afrikaans, ndipo anatchuka ndi Great Trek ya Mabunu m'zaka za m'ma 1830. Aphunzitsiwa awauze ana asukulu za agogo athu amene ankapita wapansi kumigodi ya ku Joni. Ulendo umenewo ndiwo trek.