Kukayenda ndi Ana Sikulira Chikwama

Inu amene mwangoyamba kumene banja, amene ana anu akadali pamsinkhu wokwera pamapewa, ndimakumvani mukudandaula kuti chaka chatha osawatengera kulikonse chifukwa ndalama zavuta. Mukamati kulikonse mumanena kunyanja, ku Salima kapena ku Mangochi, kapenanso ku Lilongwe kuja amalipiritsa pakhomo kuti mwana akwere katungwe n'kudya tchipisi. Ndiye mumadikira Khirisimasi. Khirisimasi ikafika, ndalama ija yathera ku feteleza ndi fizi ya Januwale, basi mumati tiona chaka chamawa. Komatu mwana sadikira. Amene akukulirirani lero kuti mupite naye, zaka zowerengeka zikubwerazi adzakhala ndi anzake ndi foni yake, ndipo kuyenda ndi bambo ake pamsewu kudzamuchititsa manyazi.

Ndinena za kuno ku Dedza poti ndi kumene ndikukudziwa, koma boma lililonse lili ndi zake. Azungu amalipira ndege kudzaona zinthu zimene ife timazidutsa tikupita kuchigayo. M'mapiri a Chongoni muli mapanga ndi matanthwe ojambulidwa ndi makolo akale, malo okwana 127, ndipo m'chaka cha 2006 bungwe la UNESCO linaika derali pamndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi. Funsani ana a pasukulu ya pafupi ndi Mphunzi, Namzeze kapena Chentcherere kuti ndi angati anapitako ndi makolo awo. Ambiri anakafikako akusaka mbewa kapena akudyetsa mbuzi, popanda wowauza kuti akuona chiyani.

Musanapite, dziwani pang'ono zoti mukawauze, chifukwa mwana akafunsa inu n'kungoti "kaya", ulendo wazizira. Zojambula za m'mapangamo ndi za mitundu iwiri. Zofiira ndiye zakale kwambiri, mizeremizere ndi zozungulira, ndipo anajambula ndi Akafula, alenje aafupi aja amene makolo athu anawapeza m'dziko muno. Zoyera ndi za Achewa, zopakidwa ndi chala choviika m'dothi loyera, zambiri zooneka ngati nyama yotambalala ukaiyang'ana chapamsana. Zina zinali zophunzitsira atsikana kuchinamwali, zina ndi zokhudza gule. Simuyenera kumasulira zonse, ndipo zina si zoti bambo azifotokozera mwana wake wamkazi pagulu. Chokwanira ndi chakuti mwana aime pamene panaima munthu wina kalekale, aone kuti munthuyo anali ndi dzanja ngati lake. Muuzeni asakhudze, asathirepo madzi kuti zioneke bwino, asalembepo dzina lake ndi khala. Mukaona maina a anthu olembedwa pamwamba pa zojambulazo, muonetseni, aone yekha kunyansa kwake. Zimene zapirira mvula ndi dzuwa mibadwo yonseyi, mnyamata mmodzi wa khala atha kuziwononga tsiku limodzi.

Tsono ndikamati ulendo waulere, musamve ngati mungangotulukira pamudzi wa eni n'kuyamba kukwera phiri lawo. Phiri lililonse lili ndi eni ake. Yambani mwafika kwa a mfumu kapena kwa munthu wamkulu wa pamudzipo, mupereke moni mutakhala pansi, munene kumene mwachokera ndi chimene mwadzera. Ana anu aone inuyo mukuchita zimenezi, aphunzire kuti odi amatsegula njira. Kawirikawiri akupatsani mnyamata wokulondolerani, ndipo kumalo ena alipo kale anthu osamalira mapangawo. Munthu wasiya khasu lake chifukwa cha inu, ndiye musamusiye chimanjamanja. Kangachepe kamene muli nako, ngakhale kugawana naye kamba wanu, n'kokwanira, ndipo ngati pali mtengo woikika, funsani musananyamuke kuti musakakanganirane pamaso pa ana. Wolondolerayo ndi amenenso akuuzeni nkhalango yosalowamo. Kamsitu kowirira pakati pa minda yoyera kawirikawiri ndi manda, mwinanso dambwe lili pomwepo. Safunsa anadya phula, ndipo mlandu wolowa kudambwe ndi ana osavinidwa udzakudyerani zambiri kuposa ulendo wa ku Salima uja munkauopa.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Julayi, mvula itatha, zokolola zitalowa m'nkhokwe, kumwamba kuli mbee. Phiri la Dedza, lotalika pafupifupi mamita 2,200, lili ndi msewu wokwera mpaka kunsanja za mafoni pamwamba, ndipo kukacha bwino nyanja imaoneka chakum'mawa, kwinaku mukuona dziko la Mozambique. Mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri atha kukwera ngati simukumuthamangitsa. Kuzizira kwake musakuderere. Ku Dedza mu Juni mphepo imalowa m'mafupa, choncho aliyense atenge juzi ngakhale dzuwa likuwala ponyamuka. Mukachedwa mpaka Seputembala kapena Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba chilichonse, mudzakwera phiri lonse n'kungoona chifunga. Komabe miyezi yotenthayo ili ndi mphatso yake: chakumapeto kwa chaka masuku amapsa m'nkhalango, ndipo palibe sitolo imene ingasangalatse mwana kuposa mtengo wa msuku umene wagwetsa zipatso usiku. Nthawi ya dzinja phiri lisiyeni. Matanthwe amaterera, mphenzi imakonda pamwamba, ndipo kamtsinje kamene munadumpha m'mawa kangakutsekereni njira madzulo. Bowa mukamufuna, pitani ndi agogo odziwa kusiyanitsa. Bowa wongoganizira wamaliza mabanja.

Kamba musagule. Phikani mbatata usiku, kazingani chimanga ndi mtedza, dulani nzimbe, thirani thobwa m'chigubu. Madzi akumwa tengani a kunyumba, ochuluka kuposa mmene mukuganizira. Ndipo pano ndilankhule ndi inu abambo. Ndaona maulendo ena mayi ali ndi mwana kumsana, dengu pamutu, wina akumukoka chitenje, bambo ali patsogolo manja m'thumba, akuloza mapiri ngati kapitawo. Kumeneko mayiyo sanapume, wangosamutsa ntchito yake kuchoka pakhomo kupita kuphiri. Nyamulani chigubu, berekani mwana. Palibe amene anachotsedwa ubambo chifukwa chobereka mwana wake. Foni ikhale m'thumba. Jambulani kawiri katatu, kenako muibweze. Ndipo musamwe mowa tsiku limenelo, ngakhale njira itadutsa pamene pali masese otsekemera bwanji.

Panjira musafulumire kukafika. Kwa mwana, ulendo ndi njirayo. Aima kuyang'ana mzere wa linthumbu, afunsa dzina la mtengo, atola nthenga ya nkhanga. Ngati mukudziwa, muuzeni kuti uwu ndi muwanga, uwu ndi mlombwa, uwu ndi mthethe; ngati simukudziwa, funsani nkhalamba imene mwakumana nayo, ndipo mudzaona mmene ikondwerere kuti wina wafunsa. Muonetseni chitedze asanachikhudze, kuti achidziwe ndi maso osati ndi khungu. Muphunzitseni kusapisa dzanja kuphanga kapena pansi pa mwala, ndi kuyang'ana poponda, poti mphiri siithawa munthu, imangogona panjira. Anyani mukakumana nawo musawaponyere chakudya kapena miyala. Moto musakoleze m'nkhalango, ngakhale wootchera chimanga chimodzi. Za kusamba, madzi odikha a m'madambo ndi m'mayiwe ndiwo amakhala ndi nkhono za likodzo, ndipo mwana amene wasambamo tsiku limodzi atha kukodza magazi patapita milungu. Dziwe limene simukulidziwa kuya kwake, ana angoliona ndi maso.

Sikuti ulendo uliwonse ukhale wa kuphiri. Tsiku la msika ku Bembeke kapena ku Lizulu, kumene msewu wa M1 ukuyenda m'malire enieni a dziko lino ndi Mozambique, ndi sukulu pakokha. Mwana aone milu ya kachewere, kabichi ndi tomato, amve anthu akutsatsa malonda, adabwe kuti tsidya lina la msewu ndi dziko lina pamene anthu ake akulankhula ngati ife. Kuona salipira, bola mwauziratu ana musanachoke kunyumba kuti lero sitikukagula kanthu. Mukawauza pamsika pomwepo, mudzabwerako ndi misozi. Mpira wa pamudzi Loweruka masana ulibe chipata. Chimtali, mganda ndi ngoma zikamavinidwa pabwalo, malo oimirira ndi aulere. Gule Wamkulu akatuluka pamwambo wa poyera, imani kumene kwaima anthu ena, mugwire ana padzanja, ndipo musajambule musanapemphe. Amene muli kufupi ndi Ntcheu, mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko umachitika chaka ndi chaka ku Nkolimbo, kumene kunagona Inkosi Gomani yoyamba imene inaphedwa ndi atsamunda mu 1896. Mwana amene waona zishango ndi nthenga ndi maso ake sadzavutika kukumbukira mbiriyo m'kalasi.

Pali malo ena olipira amene ndi oyenera kuwasungira ndalama, monga nyumba yosungiramo za chikhalidwe ku Mua, pamishoni imene inayamba mu 1902. Kumeneko mudzapite mukapeza bwino. Koma musaimike maulendo ang'onoang'ono podikira waukuluwo. Yambani ndi kumene miyendo ingafike: kaphiri ka kuseri kwa mudzi, mlatho wa pa Linthipe, munda wa agogo, chitsime chimene munkatungako muli ana. Ana amafuna kumva kuti bambo awo anagwa mumtengo uti, mayi awo ankatola nkhuni kuti. Nkhani zimenezi pakhomo sizituluka, zimatuluka poyenda.

Mukangonyamuka, ana a kwa aneba adzakutsatirani, zimenezo n'zosapeweka. Musawabweze mwaukali, koma musatenge mwana amene make sakudziwa. Tumani wina akanene, ndipo muwawerenge ponyamuka, popuma ndi pobwerera. Liwiro la ulendo likhale la wamng'ono kwambiri pagulupo. Dzuwa likangopendeka, tembenukani, ngakhale nsonga ya phiri ikuoneka pafupi, chifukwa kutsika ndi ana otopa kumatenga nthawi kuposa kukwera, ndipo mu Juni mdima umagwa isanakwane sikisi koloko.