Kulumikiza Laputopu Yakale ku Intaneti Yopanda Waya: Phunziro kwa Alangizi Opita ku Johannesburg

Mau Oyamba

Alangizi a zaulimi oitanidwa ku misonkhano ya maiko a kum'mwera kwa Africa kawirikawiri amadzera ku Johannesburg. Ena amatsikira pa bwalo la ndege la O. R. Tambo, ena amafika pa basi ku Park Station atayenda usana ndi usiku kuchokera ku Blantyre, Lilongwe, Lusaka kapena Tete. Misonkhano ina imachitikira mu mzinda momwemo kapena ku Midrand, kumene kuli likulu la AUDA-NEPAD, bungwe lotsogolera ndondomeko ya zaulimi ya CAADP imene atsogoleri a maiko a mu Africa anaivomereza ku Maputo mu 2003. M'chikwama cha mlangizi wotere mumakhala laputopu ya ku ofesi, ndipo nthawi zambiri imakhala yakale. Ina inatsala pulojekiti itatha, ina inagulidwa ngati kaunjika.

Vuto limaoneka tsiku loyamba la msonkhano. Anzake onse alumikizika ku Wi-Fi, koma laputopu yake yakana. Ntchito imene anaisiya kwao siyembekeza. Chiyambire 2017, pamene mbozi za ntchemberezandonda zinafalikira m'maiko ambiri a chigawo chino, alangizi aona kuti lipoti lochedwa masiku ochepa limafika mbozi zitalowa kale m'nsonga ya chimanga, momwe mankhwala safika bwino. Phunziro lino likulongosola momwe mlangizi angapezere gwero la vuto asanataye ndalama kapena kompyuta imene ikadatha kugwirabe ntchito.

Mfundo Yaikulu

Chimanga chikachita chikasu, mlangizi wodziwa ntchito sathamangira kuthira feteleza. Amayamba waona ngati m'munda muli kaufiti, ngati madzi akudikha, kapena ngati mizu yadyedwa. Pa munda wa kafukufuku amasintha chinthu chimodzi chokha pa ndime iliyonse, ndipo amasiya ndime ina yosasinthidwa kuti akhale ndi poyerekezera. Laputopu yokana Wi-Fi ifunika luso lomweli: kufufuza motsata ndondomeko, kusintha chinthu chimodzi pa nthawi imodzi, ndi kulemba m'kope chimene chasinthidwa. Wosintha zinthu zisanu nthawi imodzi sangadziwe chimene chathandiza, ndipo zikaipa sangathe kubwerera pamene anayambira.

1. Zochita Asananyamuke

Mlangizi akopere pa fulashi kapena pa disiki ina zonse zofunika, makamaka zotsatira za minda ya chitsanzo ndi kaundula wa alimi. Zotsatira za nyengo imodzi zikafufutika sizibwereranso, pakuti mvula ya chaka chimenecho siidzagwanso.

Atengenso adaputa ya pulagi. Mphamvu ya magetsi ndi yofanana, koma soketi zambiri za ku South Africa zimalandira pulagi ya mano atatu obulungira, pamene ku Malawi ndi m'maofesi ambiri a ku Zambia pulagi imakhala ya mano atatu aphwatalala. Batire la laputopu yakale silikhalitsa, choncho wopanda adaputa amakhala ndi mphindi zochepa zokha zofufuzira.

2. Kodi Vuto Lili m'Laputopu?

Funso limeneli liyankhidwe poyamba. Ngati anthu ena m'chipindamo nawonso akulephera, vuto lili pa rauta, kabokosi kamene kamagawa Wi-Fi, kapena pa magetsi. Mu 2023 dziko la South Africa linali ndi kuzimazima kwa magetsi kwa masiku ambiri, ndipo rauta yopanda batire imazima pamodzi ndi magetsiwo ngakhale laputopu ikhale ikuyaka.

Foni ya m'manja ndiyo ndime yoyerekezera. Mlangizi ayatse hotspot pa foni yake kapena ya mnzake, aiike pa 2.4 GHz ndi loko ya WPA2, kenaka ayese kulumikiza laputopu. Ikalumikizika, ndiye kuti chipangizo cha Wi-Fi cha m'laputopu ndi chamoyo, ndipo vuto ndi kusamvana kwa laputopuyo ndi rauta ya pamalopo. Ikalephera ngakhale pa foni, apite ku gawo lotsatira.

3. Laputopu Siikuona Netiweki Iliyonse

Malaputopu ambiri akale ali ndi kaswichi m'mbali kapena kutsogolo kamene kamazimitsa Wi-Fi, ndipo kamatha kukankhika m'chikwama pa ulendo. Ena amazimitsa ndi kuyatsa Wi-Fi podina batani la Fn pamodzi ndi batani lina la mzere wapamwamba lokhala ndi chizindikiro cha mlongoti kapena ndege. Anthu ambiri alipirapo amisiri chifukwa cha kaswichi kameneka.

Ngati swichi ili bwino, aone pulogalamu yaing'ono yotchedwa driver, imene imamvanitsa chipangizo cha Wi-Fi ndi kompyuta yonse. Pa Windows atsegule Device Manager ndi kuyang'ana pa Network adapters. Chizindikiro chachikasu pa dzina la chipangizo chimasonyeza kuti driver palibe kapena siyoyenera, ndipo izi zimachitika kawirikawiri pa kompyuta imene inaikidwa Windows yatsopano ndi ogulitsa. Driver yoyenera itengedwe pa tsamba la kampani imene inapanga laputopuyo, pogwiritsa ntchito kompyuta ya mnzake ndi fulashi, kapena polumikiza laputopu ku rauta ndi waya. Pa Linux, lamulo la rfkill list limasonyeza ngati Wi-Fi yatsekedwa, ndipo lspci limatchula dzina la chipangizo. Zipangizo zakale za Broadcom zimafuna firmware yapadera imene mitundu ina ya Linux siibwera nayo.

4. Ikuona Zina, Koma Yofunikayo Siikuoneka

Apa pafunika mbiri pang'ono. Wi-Fi imayendera malamulo otchedwa 802.11, amene anakhazikitsidwa mu 1997. Mtundu wa 802.11b wa mu 1999 ndi wa 802.11g wa mu 2003 imagwiritsa ntchito mafunde a 2.4 GHz okha. Mtundu wa 802.11n wa mu 2009 umalola 2.4 GHz ndi 5 GHz yomwe, ngakhale zipangizo zake zambiri zotsika mtengo zimamva 2.4 GHz yokha. Mtundu wa 802.11ac wa mu 2013 ndi wa 5 GHz. Laputopu yongomva 2.4 GHz siingaone netiweki ya 5 GHz, monga momwe wailesi ya FM yokha siingagwire siteshoni ya shortwave. Pa Windows 7 ndi mitundu yotsatira, lamulo la netsh wlan show drivers limaonetsa mitundu imene chipangizo chimadziwa.

Palinso nkhani ya machanelo. Mafunde a 2.4 GHz anagawidwa m'machanelo, ndipo dziko lililonse limanena amene likulola. Ku United States zipangizo zimagwiritsa ntchito 1 mpaka 11, pamene ku South Africa, kumene bungwe la ICASA limayang'anira mafunde, rauta ikhoza kukhala pa 12 kapena 13. Laputopu ya kaunjika yochokera ku America imatha kusaona rauta yotere ngakhale ili pa tebulo lomwelo. Mankhwala ake ndi kupempha woyang'anira makina a pamalopo kuti ayatse 2.4 GHz ndi kuika rauta pa chanelo 1, 6 kapena 11. Safunsa anadya phula: pempho limeneli limatenga mphindi zochepa, ndipo limathandizanso nthumwi zina zimene zangokhala chete ndi vuto lomwelo.

5. Ikuona Netiweki, Koma Ikukana Mau Achinsinsi

Choyamba aonetsetse kuti malembo aakulu ndi aang'ono alembedwa molondola. Alangizi ochokera ku Tete ndi ku Niassa asamale kwambiri akabwereka kompyuta kapena akabwereketsa yao, chifukwa kiyibodi yoikidwa m'Chipwitikizi ili ndi zizindikiro zina m'malo osiyana ndi ya Chingerezi.

Ngati mau ali olondola, vuto likhoza kukhala mtundu wa loko. Loko yoyamba, WEP, inapezeka mu 2001 kuti ndi yosavuta kuthyola. M'malo mwake munabwera WPA mu 2003, WPA2 mu 2004, ndi WPA3 mu 2018. Windows XP imadziwa WPA2 ikakhala ndi Service Pack 3 ya mu 2008 kapena chigamba chapadera cha Service Pack 2, ndipo zipangizo zina zopangidwa 2006 isanafike sizitha WPA2 nkomwe. Windows 7 siidziwa WPA3, ndipo Windows 10 inayamba kuidziwa mu 2019. Marauta ambiri atsopano amatha kulandira WPA2 ndi WPA3 pamodzi, ndipo chimenecho ndicho choyenera kupempha. Mlangizi asapemphe konse kuti loko ibwezedwe ku WEP kapena ichotsedwe, pakuti kutero ndi kugumula khola la mudzi wonse kuti mbuzi imodzi ilowe.

Ku masukulu a ukachenjede monga University of the Witwatersrand ndi University of Johannesburg kuli netiweki ya eduroam. Imeneyi imafuna dzina ndi mau achinsinsi zoperekedwa ndi sukulu kapena bungwe la kwao kwa mlendoyo, ngati lili m'mgwirizanowo. Wopanda zimenezi afunse za netiweki ya alendo.

6. Yalumikizika, Koma Masamba Sakutseguka

Pali zinthu zinayi zofunika kuona motsatana.

Choyamba ndi adiresi imene rauta imapatsa kompyuta iliyonse. Lamulo la ipconfig likaonetsa nambala yoyamba ndi 169.254, ndiye kuti rauta siinapereke adiresi. Adule kulumikizako ndi kuyambanso. Aonenso ngati wa ku ofesi sanasiyemo adiresi yosasintha kapena proxy ya ku ntchito, ndipo alembe nambala zakezo asanazichotse, kuti akazibwezeretse pobwerera.

Chachiwiri ndi tsamba lolandirira alendo. Wi-Fi ya pa bwalo la ndege, ya m'mahotela ndi ya m'malo a anthu onse siitsegula njira mpaka munthu atavomereza malamulo pa tsamba lake. Pa kompyuta yakale tsambali silibwera lokha, koma limabwera munthu akalemba adiresi yoyamba ndi http yopanda s. Malo ena amatumiza nambala yolowera pa foni, ndipo simukhadi ya kunja yosatsegulidwa roaming siiilandira. Wofuna kugula simukhadi ya ku South Africa adziwe kuti lamulo la RICA limafuna pasipoti ndi umboni wa kumene akukhala.

Chachitatu ndi tsiku. M'laputopu muli kabatire kakang'ono ngati ndalama yachitsulo kamene kamasunga tsiku ndi nthawi. Kakatha, kompyuta imabwerera zaka zambiri m'mbuyo, ndipo masamba otetezedwa amakana kutseguka chifukwa masiku a ziphaso zao sakugwirizana ndi tsiku la kompyutayo. Kukonza tsiku kumathetsa vutoli nthawi yomweyo. Nthawi ya ku Johannesburg ndi yofanana ndi ya ku Malawi, Zambia, Zimbabwe ndi Mozambique, choncho wotchi yosiyana ndi ya pakhoma ndi chizindikiro cha kabatireko.

Chachinayi ndi pulogalamu yotsegulira masamba. Mu 2020 mapulogalamu akuluakulu anasiya njira zakale zotetezera mauthenga za TLS 1.0 ndi 1.1, ndipo masamba ambiri anatsatira. Internet Explorer ya pa Windows XP siidziwa njira zatsopano. Firefox 52 ndiyo yomaliza ya Windows XP, pamene Firefox 115 ndi Chrome 109 ndizo zomaliza za Windows 7.

7. Njira Zina Ngati Zonse Zalephera

Njira yofulumira ndi kulumikiza foni ku laputopu ndi waya wa USB ndi kuyatsa USB tethering. Mafoni ambiri a Android amatha kulandira Wi-Fi ya pamalopo ndi kuipatsira ku laputopu kudzera m'wayamo, motero foni ndiyo imathana ndi mafunde ndi loko zomwe laputopu siidziwa. Ngati foni ikugwiritsa ntchito bandulo, aletse kompyuta kukoka zigamba zake, chifukwa zimamaliza bandulo lipoti lisanapite.

Njira yachiwiri ndi kugula kachipangizo ka Wi-Fi kolowetsa pa USB. Aone pa bokosi ngati kamamva 5 GHz ndiponso ngati kali ndi driver ya Windows imene ili pa laputopu yake, ndipo akayese asanachoke m'sitolo.

Njira yachitatu ndi ya kunyumba, osati ya pa ulendo: kuika Linux yopepuka. Debian 12 ya mu 2023 inabwera ndi firmware ya zipangizo zambiri za Wi-Fi, ndipo inali ndi mtundu wa makompyuta a 32-bit. Ntchito imeneyi ikhoza kufufuta zonse za m'kompyuta, choncho ichitike ndi chilolezo cha ku ofesi, zonse zitakopedwa kale.

Chenjezo

Kampani ya Microsoft inasiya kutumiza zigamba za chitetezo za Windows XP pa 8 April 2014, za Windows 7 pa 14 January 2020, ndipo chithandizo cha masiku onse cha Windows 10 chinatha pa 14 October 2025. Kompyuta yotere ikalumikizidwa ku Wi-Fi ya anthu onse imakhala ngati nkhokwe yopanda denga m'dzinja. M'menemo muli maina, manambala a foni ndi kukula kwa minda ya alimi amene anapereka zimenezi mokhulupirira mlangizi wao. Pa netiweki yotere asankhe Public network, atumize lipoti, ndipo adule kulumikizako akangomaliza. Za ku banki asachitire pamenepo.

Mau Otsiriza

Malaputopu ambiri amene amanenedwa kuti afa amakhala ndi vuto limodzi laling'ono: swichi yozima, driver yosowa, mafunde osamvana, loko yatsopano kapena tsiku lolakwika. Mlangizi akabwerera kwao alembe pa kapepala mafunde ndi loko zimene laputopuyo imadziwa, ndi njira imene inathandiza, ndipo amate kapepalako pansi pa kompyuta kuti mnzake wodzapita ulendo wotsatira asadzayambenso kufufuza.

Mafunso Okambirana

1. Laputopu yalumikizika ku hotspot ya foni koma siikuona Wi-Fi ya m'chipinda cha msonkhano. Ndi zinthu ziwiri ziti zimene mlangizi ayenera kuganizira?
2. Chifukwa chiyani tsiku lolakwika limaletsa masamba kutseguka?
3. Kodi ofesi ya boma kapena ya dera ingakonze chiyani kuti mlangizi wopita kunja asanyamuke ndi kope lokhalo la zotsatira za nyengo yonse?