Chotupa chosapweteka pantchafu ya agogo

Kuchigwa kuno, kuyambira ku Golomoti mpaka ku Mtakataka, munthu wachikulire sathamangira kuchipatala ndi chinthu chosapweteka. Bola akutha kugwira khasu. Agogo ena a kufupi ndi ku Mua anatero ndi chotupa chomwe chinamera mkati mwa ntchafu yawo. Anachibisa m'chitenje. Ana awo atachiona anati ndi mafuta chabe. Sing'anga anatema mphini n'kupakapo mankhwala. Chitafika posautsa poyenda, pakachipatala kena anachidula msangamsanga, n'kutaya nyamayo osaitumiza kokapima. Bala linapola bwino ndithu, banja n'kuthokoza. Koma chotupacho chinameranso pachipsera pomwepo, cholimba kuposa kale, ndipo agogo anayamba kubanika. Anthu anati ndi TB. X-ray inaonetsa kuti khansa yafika m'mapapo.

Madokotala amaitcha soft tissue sarcoma, khansa yoyambira m'minofu, m'mafuta kapena m'mitsempha. Ndi yosowa: mwa akuluakulu 100 odwala khansa, pafupifupi mmodzi yekha ndiye amakhala nayo. Si Kaposi ija ya mawanga akuda pakhungu imene tinaizolowera chifukwa cha HIV. Iyi imakonda ntchafu, imakula mwakachetechete, ndipo imayenda ndi magazi kukafika m'mapapo.

Zoona, zotupa zambiri za pansi pa khungu ndi mafuta osaopsa. Choopsa ndi chotupa chopitirira masentimita 5, kukula ngati dzira la nkhuku, chomwe chikukulirakulira, chili mkati mwenimweni mwa mnofu, kapena chameranso chitadulidwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri pankhani ya agogowa ndi mpeni woyamba uja. Sarcoma imafuna kuti dokotala ayambe waijambula, atengeko kachidutswa ndi singano kukapima, kenako aichotse yonse pamodzi ndi mnofu wabwino woizungulira. Kuidula mwachisawawa kumasiya mbewu zake m'bala, ndipo opaleshoni yachiwiri imakhala yaikulu, mwina mpaka kudula mwendo. Kwa nkhalamba, opaleshoni yoyamba yochitika bwino ndiyo mwayi waukulu, pakuti mankhwala amphamvu monga doxorubicin amafooketsa mtima, ndipo si thupi lililonse la zaka 70 lingawapirire.

Njira ilipo, ngakhale ndi yotopetsa. Chipatala cha Mua Mission kapena cha boma ku Dedza, kuseri kwa chitunda cha Khwekhwerere, chingathe kulemba kalata yotumiza wodwala ku Kamuzu Central ku Lilongwe, komwe kuli labu yopimira zidutswa zotere komanso National Cancer Centre. Mdzukulu woperekeza anyamule buku la kuchipatala, ndipo wina akafuna kudula chotupacho afunse mwaulemu koma mosaopa kuti, "Adokotala, kodi chapimidwa?"