Intaneti Yothamanga: Nthambo Zafika ku Mzuzu, Nanga Pakhomo Pathu?

Ambiri a ife timaganiza kuti intaneti imangoyenda mumlengalenga. Zoona zake n'zakuti uthenga wathu umayenda mumlengalenga kamtunda kochepa chabe, kuchoka pa foni kukafika pa nsanja ya netiweki. Kuchokera pamenepo, nthawi zambiri umalowa mu nthambo za faiba. M'kati mwa nthambozi muli timaulusi tagalasi toonda ngati tsitsi, ndipo uthenga umadutsamo ngati kuwala. M'phunziro lino tiona kumene nthambozi zimachokera ndi chifukwa chake makomo ambiri sanapindule nazo.

Kuchokera kunyanja kufika kwathu

Nthambo zikuluzikulu zolumikiza maiko zimadutsa pansi pa nyanja yamchere. Ya SEACOM inayamba kugwira ntchito mu 2009, ndipo ya EASSy mu 2010. Zonsezi zimatulukira kumtunda ku Dar es Salaam ndi ku Maputo. Dziko lathu silinafike kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa kaye m'maiko a anzathu, ndipo ulendo umenewu timaulipira.

Ndi thandizo la World Bank, kampani ya SimbaNET inayala nthambo kuchokera kumalire a Tanzania, kudzera ku Karonga ndi ku Mzuzu, mpaka ku Lilongwe ndi ku Mchinji. Kenaka boma linayambitsa ntchito ya National Fibre Backbone, imene inagwiridwa ndi kampani ya Huawei pogwiritsa ntchito ngongole yochokera ku China. Gawo loyamba linatha mu 2018. Nthambo zake zambiri zinamangidwa pa mapolo a magetsi a ESCOM, m'malo mokumba ngalande mtunda wonsewo.

Kamtunda kotsiriza

Tiyerekeze ndi msewu wa M1 umene umadutsa pa Katoto. Msewuwo ndi wa tala, koma suthandiza kwenikweni mayi wa golosale wa m'kati mwa lokeshoni ngati kanjira kopita ku shopu yake sikadutsika nthawi ya dzinja. Faiba nayonso ili chimodzimodzi. Nthambo yaikulu ikafika mumzinda, pamafunika ina yaing'ono yoti ifike pa nyumba, pa shopu kapena pa sukulu iliyonse. Kamtunda kameneka ndi kokwera mtengo, motero makampani amayambira ku mabanki ndi ku maofesi kumene ndalama zawo zingabwerere msanga. Enafe timadalira bandulo ya pa foni, imene imatha tisanamalize kutsitsa buku limodzi.

Palinso zopinga zina. Makomo ambiri m'dziko muno alibe magetsi. Kompyuta ndi foni zamakono n'zodula. Komanso pali anthu amene amadula nthambo poganiza kuti apezamo kopa woti agulitse, chonsecho muli galasi lokha. Nthambo imodzi ikaduka, banki, chipatala ndi ophunzira onse amavutikira limodzi. Pofuna kufikira madera amene makampani sawaonera phindu, lamulo la mu 2016 linakhazikitsa thumba la Universal Service Fund, limene limayang'aniridwa ndi bungwe la MACRA.

Mbali yathu

Tikaona munthu akukumba kapena kudula nthambo mosadziwika bwino, tidziwitse apolisi kapena atsogoleri a m'dera. Tikumbukirenso kuti ngongole zomangira nthambozi tidzabweza ndife, kudzera m'misonkho. Choncho tili ndi ufulu wofunsa khansala ndi phungu wathu kuti sukulu ndi misika ya kwathu idzalumikizidwa liti.

Mafunso okambirana

1. Kodi kutalikira nyanja yamchere kumakhudza bwanji mtengo wa bandulo?
2. M'dera lathu, ndi malo ati amene ayenera kuyamba kulandira faiba, ndipo chifukwa chiyani?
3. Intaneti yothamanga itafika lero pa sukulu pathu, tingaigwiritse ntchito yanji yothandiza anthu otizungulira?