Kuyesa Woyesa: Phunziro la Masamu ndi Sayansi Lochokera ku Nsomba za M'mitsinje

Ana a ku Chitawira nsomba amaidziwa ili pa benchi pamsika kapena ili m'mbale. Mtsinje wa Naperi umene amauoloka popita kusukulu sungawaonetse ulendo wa nsomba, ndipo ambiri mwa iwo nyanja sanaionepo. Komabe phunziro ili lingathe kuphunzitsidwa pakhonde la sukulu popanda ngakhale dontho la madzi. Cholinga chake nchakuti mwana wa Sitandade 7 kapena 8 azindikire kuti chiwerengero chilichonse chili ndi mwini wake amene anachiwerenga, ndipo kuti iyeyo ayenera kuyesedwa tisanakhulupirire zimene watiuza.

Mphunzitsi ayambe ndi mpasa. Nsomba imeneyi imapezeka m'nyanja ya Malawi ndi m'mitsinje yake mokha. Ikakhwima imachoka m'nyanja nkukwera mitsinje monga Bua, Linthipe ndi North Rukuru kukaswana pa timiyala ta pansi pa madzi oyera. Ulendowu ngwoopsa, pakuti m'njira muli miyono, maukonde ndi katupe, ndiponso matope ochokera m'minda ya m'mapiri opanda mitengo amakwirira malo oikira mazira. Ana auzidwenso za ntchila, imene inali yochuluka m'maukonde a asodzi m'zaka za m'ma 1950 koma inachepa koopsa zaka zotsatira. Tsono funso la phunziro libadwe lokha: kodi munthu angadziwe bwanji kuti nsomba zokwera mtsinje chaka chino zachuluka kapena zachepa?

Ku Amereka, pa mtsinje wa Columbia, funsoli analiyamba kale. Damu la Bonneville litatha m'chaka cha 1938, anthu anaikidwa kuti aziwerenga ndi maso nsomba zodutsa pa makwerero a nsomba. Kuyambira cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980 anayamba kubaya nsomba zina kachizindikiro kotchedwa PIT tag, kautali ngati mamilimita 12, kofanana ndi njere ya mpunga. Kachizindikiroka kalibe batire. Nsomba ikadutsa pafupi ndi waya woyalidwa mumtsinje, wayayo amakapatsa mphamvu, iko nkutumiza nambala yake ku makina amene amalemba tsiku ndi nthawi. Nsomba iliyonse ili ndi nambala yakeyake.

Pamenepa ana ambiri amaganiza kuti nkhani yatha, poti makina salakwa. Apa mpamene mphunzitsi ayenera kuchedwapo. Wayayo amamva kachizindikiro kali pafupi pokha. Madzi akasefukira nsomba imadutsa pamwamba kapena m'mbali, makina osaimva. Nsomba ziwiri zikadutsa nthawi imodzi, manambala awo amasokonezana, mwina nkulephereka onse awiri. Chigumula chingadule waya, magetsi angathe. Ndipo choipa kwambiri nchakuti makina sanena kuti aphonya. Amangokhala chete, monga momwe amakhalira pamene nsomba palibe.

Akatswiri amathetsa vutoli poika mawaya awiri, wina kumunsi, wina kumtunda pang'ono. Ife tidzaika ana awiri. Zipangizo ndi makatoni akale odulidwa timapepala, choko kapena makala olembera manambala akuluakulu, ndi makope awiri. Khonde likhale mtsinje. Ana 40 akhale mpasa, aliyense atagwira nambala yake pachifuwa. Manambalawo asakhale otsatana, ndipo alonda asauzidwe kuti nsomba zilipo zingati. Mlonda woyamba akhale polowera khonde, wachiwiri potulukira, motalikirana kuti asaonerane. Ntchito yawo ndi kulemba nambala iliyonse imene aiona. M'kalasi la ana ochuluka, monga momwe alili makalasi a m'tauni muno, otsalawo agawidwe m'magulu olemba zotsatira pa bolodi, ndipo alowe mumtsinje pa ulendo wachiwiri.

Poyamba nsomba zidutse imodziimodzi, pang'onopang'ono. Imeneyo ndi nyengo ya chilimwe, ndipo alonda adzalemba pafupifupi zonse. Kenaka mphunzitsi alengeze kuti mvula yagwa ku mapiri: nsomba zidutse ziwiriziwiri kapena zitatuzitatu, mofulumira, koma osathamanga kufikira kugwetsana.

Tiyerekeze kuti pa ulendo wachiwiriwu mlonda woyamba walemba manambala 32, wachiwiri walemba 30, ndipo poyerekeza makope awiriwo tapeza kuti manambala 24 ali monsemo. Mphunzitsi asafulumire kupereka njira. Afunse kuti, "Nsomba 30 zimene mlonda wachiwiri waziona, zinadzera kuti?" Ana adzayankha kuti zinadzera pa mlonda woyamba, pakuti njira ina palibe. Motero tili ndi nsomba 30 zimene tikudziwa ndithu kuti zinadutsa pamaso pa woyambayo, koma iye anaona 24 zokha. Kugawa 24 ndi 30 kumatipatsa 80 pa 100. Umenewo ndiwo muyeso wa maso ake. Ngati tsono manambala 32 a m'kope mwake ali 80 pa 100 ya nsomba zonse, ndiye kuti zonse zinali 40.

Pali chinthu chokondweretsa m'masamu amenewa chimene ana sachiiwala. Tikaphatikiza makope awiriwo, osabwereza nambala, timapeza manambala 38 okha. Nsomba ziwiri sizinaonedwe ndi munthu aliyense, komabe masamu azitulukira. Mphunzitsi aitane manambala 38 aja, eni ake akhale pansi, ndipo otsala chiimire aonekere kwa onse. Zoonadi, m'kalasi lenileni yankho silidzagwa ndendende pa 40. Lingakhale 37 kapena 43. Mphunzitsi asakonze manambala kuti aoneke bwino. Kusiyanako ndi gawo la phunziro, ndipo kubwereza ulendowo katatu kudzaonetsa ana kuti mayankho amazungulira pafupi ndi choonadi.

Ana ochenjera adzafunsa chifukwa chimene sitinayese mlonda wachiwiri mwa njira yomweyo. Pakhonde tingatero, koma mumtsinje ai. Nsomba imene yamveka kumunsi koma osamveka kumtunda mwina makina aiphonya, mwinanso yabwerera kunyanja, yakodwa m'mono, yatengedwa ndi nkhwazi, kapena yapeza malo oswanirana pakati pa mawaya awiriwo. Kuti ana aone zimenezi, mphunzitsi auze mwamseri ana atatu kuti akafika pakati pa khonde alowe m'kalasi. Mlonda wachiwiri adzaoneka waulesi pamene mlandu alibe.

Njirayi ili ndi kufooka kwina kumene ine ndimakuona kukhala kofunika koposa masamu enieniwo. Imagwira ntchito pokhapokha ngati kuphonya kwa mlonda mmodzi sikugwirizana ndi kuphonya kwa mnzake. Alonda akaonerana, kapena mwana wamfupi akabisala kumbuyo kwa wamtali pa malo onse awiri, makope adzafanana kwambiri, alonda adzaoneka akatswiri, ndipo chiwerengero cha nsomba chidzatsika kuposa choonadi. Mumtsinje ndi chimodzimodzi: madzi osefukira amalepheretsa mawaya onse awiri nthawi imodzi. Nchifukwa chake muyeso wopezedwa m'chilimwe suyenera kugwiritsidwa ntchito m'dzinja.

Pomaliza ana akambirane m'magulu nkhani iyi. Tiyerekeze kuti makina otere aikidwa pa Bua. Chaka choyamba alemba nsomba 80, ndipo muyeso wake unali 80 pa 100. Chaka chachiwiri, cha mvula yambiri, alemba 60, muyeso wake uli 50 pa 100. Munthu woona manambala okha adzati mpasa ikutha, nkuloza chala asodzi. Woyesa makina adzapeza 100 chaka choyamba ndi 120 chaka chachiwiri. Gulu lililonse lipekenso lokha manambala oonetsa zosiyana ndi zimenezi, pamene makina akonzedwa bwino nalemba nsomba zambiri, chikhalirecho mumtsinje zachepa. Phunziro lonse limafuna mapiriyodi awiri otsatana, ndipo nkwabwino kupempha chilolezo kwa aphunzitsi a makalasi oyandikana, pakuti nyengo ya chigumula pakhonde siikhala yachete.