Ndalama za Lendi Zikatayika pa Positi

Anzanga, mverani zimene zinatigwera kwathu m'chaka cha 2023. Mwini nyumba imene tikhalamo ndi nkhalamba ya kumudzi yopanda lamya, tsono atate ankatumiza lendi pa positi. Mwezi wina anaika ndalamazo mu envulopu wamba, ine ndi kukaiponya m'bokosi. Patapita masabata atatu kunafika mdzukulu wa nkhalambayo, nati, "Agogo akuti ngati simulipira, mutuluke."

Tinathamangira ku positi. Kalaliki anafunsa lisiti, koma ife tinalibe. Pamenepo anatilongosolera kuti kalata ya rejisitala imapatsidwa nambala, wotumiza amatenga lisiti, ndipo wolandira amasayina. Yotereyi angathe kuilondola. Koma kalata wamba ikasowa, yasowa basi.

Atate sanakangane ndi mwini nyumba, pakuti lendi imalipidwa pokhapokha ndalama zikafika m'manja mwa mwini wake. Anandilembetsa kalata yopepesa, yotchula tsiku limene tinatumiza, ndi kupempha kuti tilipire pang'onopang'ono pa miyezi iwiri. Kalata imeneyi tinaitumiza pa rejisitala. Nkhalambayo inavomera, ngakhale monyinyirika. Nsapato zimene atate anandilonjeza chaka chimenecho sindinazione.