Injini Yokana Kufunda

M'miyezi ya Juni ndi Julayi, pamene chisanu chimatsika m'mapiri ozinga mzinda wa Chipata, oyendetsa galimoto amene amalawirira kunka ku Katete kapena kumalire a Mwami amaona singano yoonetsa kutentha itagona pansi ulendo wonse, ndipo ambiri amakondwera, poyesa kuti injini yozizira ndiyo yamoyo. Sikutero ayi, pakuti injini inapangidwa kuti igwire ntchito madzi ake atatentha pafupifupi madigiri 90. Ikapanda kufika pamenepo imamwa mafuta ambiri, oyilo amada msanga, ndipo zitsulo za m'kati zimadyana nthawi yake isanakwane.

Chosunga kutenthako ndi kachipangizo kotchedwa themositati, kamene m'galimoto zambiri kamakhala pomwe paipi yapamwamba yopita ku rediyeta imatulukira mu injini. M'kati mwake muli phula. Injini ikali yozizira, kachipangizoka kamatseka njira, madzi nazungulira mu injini mokhamokha kufikira atatentha. Pamenepo phula lija limafufuma, nilikankha kachitseko, madzi napita ku rediyeta kukazizira. Kakakalamba kamakanirira kali kotsegula, ndipo, chomvetsa chisoni, amakanika ena amakachotseratu, akuti dziko lathu lino n'lotentha kale.

Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Lizani injini m'mawa isanayende, ndipo mugwire paipi yapamwambayo, manja ndi malaya zitatalikira fani ndi lamba. Paipiyo ikayamba kufunda pang'onopang'ono nthawi yomweyo, dziwani kuti madzi akudutsa osaletsedwa: themositati yafa, kapena mulibe. Koma ikakhala yozizira mphindi zingapo, kenaka n'kutentha mwadzidzidzi, themositati ili bwino, ndipo mlandu mukaufune kwa singano yonama, kapena kwa fani imene wina anailumikiza kuti izizungulira kosaleka.

Wofuna umboni wokwanira adikire injini izizire, aichotse themositatiyo. Akaipeza ili yasa, yatha ntchito. Akaipeza yotseka, aiike m'poto wa madzi pamoto, ndipo iyenera kutseguka madzi asanawire, pa nambala yolembedwa pamwamba pake, monga 82.

Inu abambo ndi amayi, musatsegule chivundikiro cha rediyeta injini ili yamoto, pakuti nthunzi yake imasupula khungu. Ndipo makanika akati aitaye themositati, muuzeni aike yatsopano ya nambala yomweyo.